Khutu Langa ndi Kompyuta ya Abwana

12 Meyi

Wokondedwa mwana wanga,

Dzanja ndi la amayi ako, mawu ndi anga. Ndawauza kuti asathiremo mchere wawo.

Kuno tili moyo, koma kugalaja kwalowa mlendo wopanda nkhope. Abwana amangirira timawaya m'mabasi onse, ndipo kompyuta ya mu ofesi, ija akuti imaganiza yokha, ndiyo ikulamula basi yotuluka ndi basi yogona. Zitsulo akumaitanitsa zakale zisanathe n'komwe. Anzanga anayi awauza kale kuti akapume.

Iwe ukundidziwa. Zaka makumi atatu ndakhala ndikugunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chili pakhutu, n'kunena pamene pakudwala. Sindinapondeko m'kalasi, koma a mapepala awo ankandivulira chipewa.

Mwezi watha kompyutayo inati basi yobiriwira isatuluke, chitsulo cha mu injini chotchedwa beringi chatha. Ine ndinamvetsera n'kunena kuti, "Bwana, iyi ikadali namwali, itulutseni." Inakafera pamlatho itadzaza anthu. Mwamwayi palibe anavulala. Ndinakankhira mlandu dalaivala, Mulungu andikhululukire.

Tsopano abwana akuti pakutha pa mweziwu aimika mabasi atatu, tipikisane ine ndi chinthucho ponena pamene akudwala. "Madala, mukalephera musadzati ndakuchotsani ndine." Ntchito ikatha, nyumba ya kampaniyi titulukamo. Pa msinkhu uno ndiwatengere kuti amayi ako?

Ndinene chimene sindinauzepo munthu. Khutu langa lamanzere linafa chaka chatha, lamanja nalo likutsatira. Basi ija sindinaimve. Ndinangoganizira.

Amayi ako asiya kulemba, akundiyang'ana. Lembani, mayi, nkhope yanga mukuidziwa kale! Akuti ndikuuze zimene anena, ati, "Mumayesa pogona ndinasamukira kudzanja lanu lamanja chifukwa chokonda khoma?" Chaka chathunthu mkazi ameneyu akudziwa, ali phee.

Sindinakupemphepo kanthu chikwatiwire, ngakhale sopo. Lero ndagwada. Ndamva kuti kumeneko kuli timakina toika m'khutu. Undipezere kamodzi, kakang'ono kobisika, kifike mwezi usanathe. Ukatumize kwa amayi ako, osati kugalaja. Amuna ako usawauze, ungoti ndi mankhwala a mawondo. Ndikagonja ndigonje ndikumva, osati chinthu chopanda makutu chindipose ine ndili gonthi.

Upereke moni kwa apongozi anga. Adzukulu anga uwauze kuti nyimbo anandiimbira pafoni tsiku lija inali yokoma. Amayi ako ndiwo anandigwira bondo pamene inatha kuti ndiombe m'manja. Asaiiwale. Kakafika kachinthuko, adzandiimbirenso kuyambira poyamba.

Usaimbe foni, mwana wanga. Ulembe.

Ndine bambo ako,
amene asindikiza chala pansipa.