Magazi Amodzi, Mayankho Awiri

Wokondedwa mwana wanga Tiyanjane,

Akukulembera ndi Bwana Mkulu wa ku Nkhorongo, mwini mtima wogunda ngati wotchi chiikireni madokotala valavu yachitsulo mumtimamo. Uli bwanji ku Joniko? Amayi ako ali bwino, ine ndiye sindikukhazikika.

Mankhwala oletsa magazi kuundanawa amafuna kuyezetsa pafupipafupi. Lolemba ndinaswera pamzere kuchipatala chachikulu, akuti magazi ali bwino. Lachiwiri ndinayesa kachipatala kapafupi, akuti magazi asungunuka kwambiri. Dokotala wandikalipira: "Adada, sankhani malo amodzi!"

Kutali miyendo ikukana, pafupi mtima ukukayika. Undifunsireko kwa madokotala akumeneko msanga, ndingamwe mlingo wolakwika. Komanso namwino wa kachipatala kapafupiko wandifunsira ukwati, amayi ako akwiya chomene.

Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.

Zaukwatizo ndapeka, mwanawe, koma mantha okha ndi enieni.