Theka la Denga

Lolemba, 28 Okotobala 2024

"Katundu amene mwamuna ndi mkazi apeza pamodzi ali pabanja ndi wa onse awiri. Banja likatha agawane mwachilungamo, aliyense atenge gawo lake apite nalo." Awa ndi mawu a kukhoti lero, ndawakopera momwe ananenedwera. Banja la mlongo wanga Janeti ndi alamu anga a Fanizo latha cha m'ma 11 koloko m'mawa, patatha zaka 16. Ine ndinapita monga nkhoswe ya J. Chifukwa chake aliyense akuchidziwa: F. atabwera ku Joni anakwatira mkazi wina ku Kasinje, J. anakana mitala.

Chigamulo chili chonchi. Malo ndi munda n'za J., popeza n'za kwa malemu amayi athu, F. anazipeza. Kanyumba kaudzu kamene F. anamanga chaka chaukwati, komwe pano ndi khitchini, n'ka J., ati ndiyo nyumba imene mkamwini amasiyira mkazi. Ana awiri, Chisomo ndi Mfundo, akhala ndi mayi awo. Nyumba yaikulu ya malata: theka theka, pasanathe masiku 30.

Akukhoti anamufunsa J. kuti nyumba ya malatayo ndi ya yani. Iye: "Ndi yathu." Anamufunsa F. Iye: "Ndi yathu, bwana." Zinalembedwa kuti onse awiri avomerezana.

Tabwerera kumudzi pa minibasi.

Lachiwiri, 29 Okotobala

J. wandipeza ndikusankha mbewu ya kachewere. Sanapereke n'moni womwe.

"Achimwene, theka thekayo yachokera kuti?"

Ndamufotokozera. Anagwira m'chiuno. "Yathu ndimanena ife! Ine, inu, malemu amayi, ife a pano! Ndikanati yanga ngati ndinagwa ndekha kumwamba?"

Ndati akukhoti anamva yathu ya anthu awiri.

"Inu munali pomwepo. Fomu 4 yanuyo ntchito yake n'chiyani?"

Zoona zake ndilembe muno: kukhoti kuja ndinamva, ndinadziwa chimene ankatanthauza, ndinakhala chete. Malata aja F. anawagwirira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi kumunda wa mphesa ku Joni. J. anatunga madzi oumbira njerwa, anaphikira omanga, anayang'anira uvuni ali ndi mimba ya Mfundo. Lamulo limawerengera zonsezo, za kumutu ndi za m'thumba zomwe. Akanafotokoza bwino sindikhulupirira kuti chigamulo chikanasintha. Komabe ndikanatsokomola.

Yathu ya F. ndi inanso. Mkamwini pano sanena kuti yanga. Zaka 16 zonsezi ngakhale njinga yake ankati njinga yathu.

Lachinayi, 31 Okotobala

Zokambirana pakhomo pa J. Kwabwera F. ndi malume ake, a Elson, nkhoswe ya kuchimuna. A E. avala jekete pa kutentha konseku, pepala la kukhoti lili m'pulasitiki.

Njira yoyamba: J. agule gawo la F. Alibe chogulira. Yachiwiri: igulitsidwe. Ndafunsa kuti ndani angagule nyumba yoima pa malo a eni, pakati pa nkhokwe yanga ndi khola la ng'ombe. A E. ayang'ana kholalo nthawi yaitali.

"Ndiye malata," atero.

Tawerenga tili panja. Alipo 34.

J.: "Mutengenso theka la njerwa. Ndi theka la madzi amene ndinatunga."

A E.: "Njerwa sizikwera ngolo, mayi."

J.: "Zinakwera pamutu pangapa."

F. chipewa pabondo, maso pansi. Tagwirizana: malata 17 achoke Loweruka la sabata yamawa. Zitseko ndi mawindo zitsale, m'malo mwake F. atenge wilibala ndi mipando inayi.

Lachisanu, 1 Novembala

Ndayenda midzi itatu kufuna udzu wofolera. Kulibe. Phiri lonse anatentha osaka mbewa mu Seputembala, amene anamweta msanga anafolera kale zawo. Mayi wina wandisonyeza mitolo iwiri yowola, ati nditenge ulere. Siingafolere ngakhale chimbudzi.

Akazi anga a Dailes amva kuchigayo kuti mkazi watsopanoyo, Sheila, anauza anzake kuti Khirisimasi adyera m'nyumba ya malata. Sindinamuuze J. Mwina wamva kale, chigayo n'chomwecho.

Lamulungu, 3 Novembala

Misa ku Nzama. J. waimba m'kwaya ngati palibe kanthu. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Mozambiki.

Lachiwiri, 5 Novembala

F. ndi a E. abweranso, nkhani yake: theka lake liti? Denga lili ndi mbali ziwiri, yakumaso ndi yakuseri. A E. akufuna mbali yonse yakumaso, ati ndiyo yowala. Ndajambula pansi ndi kamtengo kuwasonyeza kuti akatero chipinda chilichonse chikhala chotsegula. Ati zimenezo pepala silinanene.

Apa F. walankhula koyamba chichokere kukhoti. "Malume, ayi. Kwa ana kusakhudzidwe. Tichotse kuyambira pakati pa balaza mpaka kuchipinda chathu."

J.: "Chipinda cha yani?"

F.: "Chanu, amake Chisomo."

Dailes anali kuseri kwa nkhokwe, ndinamva akudzitseka pakamwa.

Loweruka, 9 Novembala

Achotsa. F. wakwera yekha, wakana wothandiza, ati anakhoma yekha. Msomali uliwonse amauzula pang'onopang'ono, kuuwongola pa mtanda, kuuponya m'chitini. A E. pansi kuwerenga mokweza ngati pamsika wa fodya. J. anapita kumunda m'mamawa, wabwera dzuwa litapendeka, wayang'ana kumwamba kamodzi, walowa kukatulutsa bedi. Lili kukhitchini, miyendo iwiri pa njerwa chifukwa pansi sipofanana.

Ndikumulandira lata lomaliza, F. wandinong'oneza: "Alamu, malata ozula sabwerera mwakale. Mabowo a misomaliwa." Ndati ndikudziwa. Wati iyenso akudziwa.

Mwini ngolo sanabwere. Watumiza mawu kuti ng'ombe zake sizingatsike chitunda cha ku Bwanje ndi katundu woterera, afuna kaye zingwe, abwera Lachitatu. A E. akana kuti malata agone pakhomo pa J. Tawasanja pakhonde panga, mwala pamwamba.

Lolemba, 11 Novembala

Mbuzi zagona pa malata. Phokoso lake ngati kwabwera bandi.

Lachitatu, 13 Novembala

Ngolo ayi. Wabwera F. yekha, akukankha njinga, malaya ali chonyowa ndi thukuta la chitunda. Wapempha madzi. Takhala pakhonde, malata ali pakati pathu.

Wazungulira kaye: mpunga wa ku Bwanje, mtengo wa fetereza, bondo lake. Kenako: "Alamu, kumene ndiliko malo ndi a amake a Sheila."

Ndati ndiye mwakhalanso mkamwini.

"Ndiye ndikakhome awa kumeneko, mawa ndidzaimenso kukhoti, andifunse kuti ndi ya yani?"

Ndati yankho mukulidziwa kale. Waseka pang'ono, osati kwambiri.

Akufuna ndimusungire mpaka atapeza kapuloti kakekake pa Kasinje, kolembedwa dzina lake. Liti? Sakudziwa. A Elson asamve, kwa Sheila wanena kuti ngolo yathyoka. Ndamukumbutsa kuti ine ndine nkhoswe ya mbali inayo. Wati n'chifukwa chake, wa mbali yake angawagulitse.

Pochoka sanadutse njira ya pakhomo pa J., wazungulira kukhola.

Lachisanu, 15 Novembala

Mvula yoyamba, 2 koloko masana, ya mphepo. Ola limodzi ndi theka.

Ndapita kwa J. itangokata. Chipinda chosafoleracho madzi m'akakolo. Njerwa zija anamangira dothi, osati simenti, ndiye khoma lakuseri layamba kulira matope kuchokera pamwamba. Madzi alowanso pabalaza mpaka pakhomo la chipinda cha ana. J. amakankha ndi tsache, siketi atakwinya. Mvula ziwiri zitatu ngati imeneyi khoma ligwa, ndipo likagwa likoka ndi mbali yofolerayo.

Sanandipemphe kanthu. Wangoti, "Mwaponda poti ndakolopa, achimwene."

Kubwerera kwanga, malata 17 ali phee pakhonde, ouma bwino.

Loweruka, 16 Novembala

Tonse kubzala chimanga. Msana ukuwawa.

Lamulungu, 17 Novembala

Titaweruka ku Misa ndamuimbira F. Ndati katundu wanu pakhonde panga sali bwino: mbuzi, dzimbiri, ndiponso anthu odutsa ayamba kumuyang'ana kawiri. Malo amene ndikuwadziwa osungirapo malata osabedwa ndi amodzi okha, padenga.

Ndimamva nkhuku za ku Kasinje.

"Adzakhalabe anga?"

"Anu. Tilemba pepala, musayine, ine mboni."

"Amake Chisomo avomera?"

Ndati ndikafunse. Kumeneko ndiye kunali ntchito. J. amasenda nyemba pakhomo la khitchini.

"Ndimusungire katundu munthu wondisiya? Pamutu panga?"

Ndati khoma.

"Ndiye ndizigona ndikuyang'ana malata a Sheila."

Ndati a Fanizo. Ndatinso khoma.

Wasenda nyemba mwina makumi awiri osandiyang'ana. Kenako: "Mulembe kuti akadzawafuna anene mu Meyi, udzu usanapse. Akanena mu Okotobala adikire chaka china. Ndipo mulembe Chichewa choti wina asadzachimve mwina."

Ndalemba madzulo ano, katatu. Mawu oti athu mulibemo.

Lachiwiri, 19 Novembala

F. wafika 6 koloko m'mawa ndi chitini chake cha misomali. Wawerenga pepala, wasayina, J. wasayina, ine ndasayina. Dailes mboni yachiwiri, wadinda chala.

Takhoma mpaka 3 koloko. Sitinaike zizindikiro pochotsa, ndiye lata lililonse lagwera pamalo pa linzake, mabowo akale sakukumana ndi mitanda. F. amamata ndi phula lotenthetsa m'chitini, bowo limodzilimodzi, akung'ung'udza. J. watumiza tiyi ndi mbatata, makapu awiri. F. wafunsa ngati kapu inayo ndi yake. Ndati sindikuona munthu wina padenga pano.

Bedi labwerera kuchipinda.

Lachisanu, 22 Novembala

A Elson aimba kufunsa za ngolo. Ndati nkhani ya ngolo afunse a Fanizo. Ati malata ali bwino? Ndati ali pamalo okwera, mbuzi sizifikapo.

Lachitatu, 27 Novembala

Tsiku la 30. Tapita kukhoti atatu kukanena kuti chigamulo chatsatidwa. Kalaliki wafunsa F. ngati analandira gawo lake, wati eya. Wafunsa J. ngati watsala ndi gawo lake, wati eya. Chidindo, fayilo yatsekedwa. F. wakwera minibasi ya ku Kasinje, ife yathu.

Tafika mvula ikugwa. Malata onse 34 ali padenga la J. Kuchipinda kukudontha malo asanu ndi limodzi, J. wabwereka ndowa ziwiri kwa Dailes.