Makala Akhala Pampando Wanga

17 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tili moyo, koma sindikubisirani, nsanje ikundidya.

Mng'ono wathu uja tinkamuseka kuti Makala, lero nkhope yake ili pa chikwangwani chachikulu pafupi ndi siteji ya basi. Anabwera kuntchito kwathu ku kanema kudzandipatsa diresi lomwe anandisokera. Pakhonde panali anthu a chipani china, akufuna nkhope ya kampeni. Atamuona ndi tsitsi lake lometa lija, mkulu wawo anati, "Uyu ndiye mkazi wakuda weniweni." Ine ndinali chiimire pomwepo, wigi ili kumutu, iwo osandiyang'ana n'komwe.

Weniweni, achemwali? Nanga ine ndine wabodza? Ndikuyamba ntchito, abwana anati kamera siikonda nkhope yakuda. Ndinamvera. Zaka zonsezi ndadzola mafuta oyeretsa khungu mpaka masaya kupsa. Sabata yatha abwana omwewo anandiitana.

"Owonera akufuna wachilengedwe," anatero, maso ali pa foni. "Mng'ono wako umuphunzitse kuwerenga nkhani zamadzulo. Iwe tikuika ku wailesi, mawu uli nawo abwino."

Ku wailesi, kumene munthu saoneka.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mwanayu alibe mwano. Amabwera ndi mapepala, "Achemwali, apa ndipumire pati?" Ndimamuuza zoona, paja chibale ndi fupa. Ndipo akuwerenga bwino, kamfiti kameneka. Ndinamuchenjeza kuti chisankho chikatha andale adzafuna nkhope ina. Anangoseka, akuti adzabwerera ku makina ake osokera. Iye ali nako kobwerera.

Pempho langa ndi ili. Kumeneko masitolo ndi ambiri, mundifunsireko ngati alipo mafuta obwezeretsa kuda. Musaseke, ndipo amayi asamve.

Lolemba akhala pampando wanga. Mwina sindiwonera. Koma paudala ndimupaka ndekha, chifukwa wopaka anthu wa kuntchito kuno dzanja lake limathamangira woyera, ndipo sindilola kuti amukhudze.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Kamtsikana kanu kaja muzikauza kuti n'kokongola, kasanamve zina kwa anthu.

Ndine mng'ono wanu,
uja kale ankafanana nanu.