Chitini cha Azakhali

As-Salt,
Lamulungu, 16 Novembala

Achimwene anga Mutaz,

Mtendere wa Mulungu ukhale pa inu ndi pa nyumba yanu yonse. Kaya muli bwanji uko ku Toronto, inu ndi alamu anga a Dalal? Nanga Rima, chifuwa chija chinamusiya? Kuno tili bwino, Mulungu ayamikike. Amayi mawondo ndi omwe aja, koma kukalipa akukalipa bwinobwino, ndiye musade nkhawa.

Musadabwe kuti ndakulemberani pa pepala pomwe timayankhulana pa foni Loweruka lililonse. Pa foni mumandidula pakamwa. Chiyambire tili ana muli choncho, ndikangoti "koma", inu mwagamula kale mlandu. Ndiye muwerenge mpaka pamapeto, kukwiyako mukwiye mutamaliza.

Azitona tinathyola sabata yatha, koyamba popanda bambo. Kumakina oyengera mafuta kwatuluka zitini khumi ndi chimodzi. Khumi ndaika m'chipinda chosungira. Chinacho chili m'khonde, ndipo ndi chimene chandilembetsa kalata ino.

Gulu langa lowerenga mabuku lija mukulidziwa, lomwe mumalitcha msonkhano wa malova. Latha zaka zitatu tsopano. Tilipo anthu makumi awiri ndi atatu, ena ku Irbid, ena ku Tunis, wina ku Basra, ndipo timakumana pa intaneti Lachisanu loyamba la mwezi, dzuwa likapendeka. Lamulo lathu ndi limodzi. Buku timaliwerenga lonse kupatula mutu womaliza. Aliyense amalemba mathero akeake, tsamba limodzi, n'kudzatiwerengera. Tikatha tonse m'pamene timatsegula mathero a mwini buku, n'kuyamba kumunena.

Tili ndi dokotala wa mano, a Haitham a ku Irbid, amene mwezi uliwonse amapha anthu onse a m'buku. Ngakhale nkhani ikhale ya ukwati, iwo amagwetsa denga. Tilinso ndi mayi wachikulire wa ku Aqaba, yemwe analowa zaka ziwiri zapitazo ndi dzina loti Umm Yazan. Kamera yawo inali yozimitsa nthawi zonse, ankati inawonongeka. Mathero awo ankakhala amodzimodzi: munthu wabwerera kwawo, amupatsa madzi osamba m'manja, wadya. A Haitham ankawaseka kuti, "Mayi, inu mabuku mumawerengera kukhitchini eti?" Iwo ankayankha kuti bola kukhitchini kusiyana n'kumanda kumene dokotala amawerengera.

Tsopano ndiulule. Kope la buluu la bambo lija, lomwe tinalipeza mu kabati yawo titawaika m'manda, munandiuza ndilitsekere m'kabatimo n'kunena kuti za m'nyumba zisatuluke. Ine ndinavomera. Koma kiyi munasiya ndi ine, achimwene, ndipo mukundidziwa. Ndinaliwerenga katatu.

Si mndandanda wa maphunziro a ana asukulu monga tinkaganizira. Ndi nkhani, masamba makumi asanu ndi limodzi, ya mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi amene mlongo wake wathawa pakhomo m'mamawa kukakwatiwa ndi mwamuna amene bambo awo anamukana. Mnyamatayo amutuma kuti akamubweze, amuveka jekete la bambo ake kuti aoneke wamkulu. Afika pa depoti ya mabasi ku Amman, aona mlongo wake pawindo la basi yopita kummwera, aponda pa chitseko. Zathera pomwepo. Masamba otsalawo ndi oyera.

Simukufunika kuuzidwa kuti ameneyo ndi ndani. Tinakula tikumva zonong'ona kuti azakhali a Wijdan anathawa, bambo anawafunafuna tsiku lonse osawapeza, ndipo agogo anamwalira ndi manyazi chaka chisanathe. Dzina lawo m'nyumba muno silinkatchulidwa.

Masamba oyera aja anandisowetsa mtendere. Ndinkafuna kudziwa chimene bambo analephera kulemba, ndipo wondiuza panalibe. Ndiye ndinachita chimene ndimadziwa kuchita. Ndinaitaipa nkhani yonse, mayina n'kusintha, mnyamata uja n'kumutcha Salim. Ndinaitumiza ku gulu ngati buku la mwezi wa Okutobala, n'kuwauza kuti wolemba wake ndi mphunzitsi wina amene anamwalira asanamalize, choncho mwezi uno mathero ndi athu okha. Ndinalakwa, sindikana. Ndinaphwanya mawu amene ndinakupatsani.

Tinakumana Lachisanu loyamba la mwezi uno. A Haitham, monga mwa nthawi zonse, anagubuduza basi yonse m'phompho. Mtsikana wa ku Tunis analemba kuti mnyamatayo anathawa limodzi ndi mlongo wake. Ine ndinalemba zomwe tinakula nazo, kuti anakwera n'kupeza kuti pawindo paja panali mkazi wina.

Itafika nthawi ya Umm Yazan, anati mwezi uno sanalembe kanthu, angonena pakamwa. Mawu awo anali otsika, moti ndinachita kukweza kompyuta.

Anati mnyamatayo anakwera, n'kukhala pampando woyandikana ndi mlongo wake. Mtsikanayo ankanjenjemera, chifukwa anatuluka m'nyumba ndi diresi lokha. Mnyamata anavula jekete lija n'kumufunditsa. Anatsika, anakagula buledi wotentha wowaza zonunkhira za zaatar pa ngolo ya pakhomo la depoti, anabwera n'kumuika pamiyendo pake. Kenako anati, "Ine sindinakuone, iwenso sunandione. Idya usanafike ku Ma'an, azizira." Anatsika basi isananyamuke. Kunyumba anakanena kuti sanamupeze, ndipo jekete analiiwala m'galimoto. Bambo ake anamumenya mbama pamaso pa amuna onse a pamudzi, iye osasintha mawu.

A Haitham anaseka n'kunena kuti mayi awonjeza shuga, achimwene otero amapezeka m'mabuku mokha. Umm Yazan anayankha mosakweza mawu kuti, "Ayi dokotala, Fawzi anali wotero."

Achimwene, dzina la bambo mu zomwe ndinatumiza munalibe. Ndinali nditafufuta paliponse.

Kenako kamera yowonongeka ija inayaka. Ndinaona chipumi cha bambo, nsidze za bambo, ndi kapendekedwe ka mutu komwe ankachita akamamvetsera mwana akunama. Ndinapepesa anthu a m'gulu kuti tithere pomwepo, onse anatuluka mmodzimmodzi, tinatsala awiri.

Ndinalira, sindibisa. Iwo anandisiya ndilire, kenako anati, "Pukuta mphuno mwana wa mchimwene wanga, zaka ziwiri ndakhala ndikukuyang'ana, lero iweyo undiyang'ane."

Ndinawafunsa kuti gulu langa analidziwa bwanji. Anati anawauza ndi bambo. Akuti anawaimbira n'kunena kuti, "Lubna ali ndi msonkhano wake wa pa foni. Lowamo ndi dzina lina, umve mmene amalongololera, watengera iwe." Ndiye anapempha mdzukulu wawo awalumikizire. Mabuku ena akuti sankawamva n'komwe, koma ankawerenga mpaka maso kuwawa kuti asachotsedwe m'gulu.

Mukukumbuka nkhondo ya chaka chilichonse ya mafuta? Bambo akabwera kuchokera kumakina, m'mawa mwake amayi ankawerenga zitini n'kupeza kuti chimodzi chasowa, n'kuyamba kutukwana anthu a kumakina kuti ndi akuba opanda Mulungu. Bambo ankangoti, "Asiye, nawonso ali ndi ana." Inu chaka china munafuna kupita kukawakalipira, bambo anakuletsani. Chitini chimenecho chinkakwera basi ya ku Aqaba. Zaka makumi anayi ndi zisanu, osadumpha ngakhale chaka cha chilala chija. Poyamba chinkapita chopanda kalata, dzina lokha pa chivindikiro. Mafoni atabwera ankaimbirana kawiri pa chaka, pa Idi, bambo ali kumunda.

Ndinafunsa kuti nanga bambo osangotiuza bwanji. Azakhali anati agogo ali pafupi kutsirizika anawalumbiritsa bambo, dzanja lili pa Buku loyera la Mulungu, kuti dzina la Wijdan lisadzatchulidwe m'nyumba mwawo. Bambo anasunga lumbirolo mpaka imfa. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake kope lija linaima pa chitseko cha basi. Kuti apitirize, anayenera kulemba ndi dzanja lawo kuti ananamiza bambo awo, ndipo zimenezo zinawakanika.

M'mawa mwake ndinawapeza amayi akusankha mphodza. Ndinayamba mozungulira, kufunsa za zitini. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Iwe, ukuganiza kuti ine ndine chitsiru? Wopukuta chitinicho chisanakwere basi ankakhala ndani? Ndinkatukwana anthu osalakwa aja kuti bambo ako akhale ndi pobisala." Akuti sanakambiranepo ndi bambo za zimenezi ngakhale tsiku limodzi. Usiku womwe zitini zafika ankangochiika padera, chopukuta bwino, pafupi ndi chitseko, ndipo pofika m'mawa chinkakhala chitapita.

Ndinati ndiye tiwaitane azakhali abwere. Amayi anapitiriza kusankha mphodza zawo. Anati iwo sangatsegule geti lomwe sanatseke, amene anatseka ali ku Toronto.

Apa ndiye pamene pali nkhani, achimwene. Tsiku lachiwiri la maliro a bambo, kunabwera mayi wovala zakuda pa geti. Ine ndinali m'nyumba ndi azimayi, ndinangoona msana wake pawindo akubwerera. Inu ndi amene munamuimitsa. Anthu anandiuza mawu anu, oti amene anapha agogo ndi manyazi sangamwe khofi wa pamaliro a bambo. Anayenda maola asanu pa basi, n'kubwerera maola asanu, osalawa ngakhale madzi.

Sindikukuweruzani. Munachita zimene munkaganiza kuti bambo akanafuna, ndipo tsikulo ine ndinakunyadirani. Tonse tinkateteza nkhani yomwe mwini wake ankadziwa kuti si yoona. Koma zimandipweteka kuti munthu amene bambo anamulandirira mbama tinamubweza pa geti la bambo omwewo.

Azakhali manda a bambo sanawaonebe. Ndinawauza kuti ndikhoza kuwatenga mwakachetechete, tikapite kumanda m'mawa anthu asanadzuke, palibe angadziwe. Anakana. Anati m'tauni ino anatulukamo kamodzi ngati mbala, sangalowemonso ngati mbala. Akuti akabwera adzalowera pa geti, ataitanidwa ndi amene anawabweza, ndipo akapanda kuitanidwa adzadikira kukaonana ndi Fawzi kumene ali. Ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri, amuna awo anamwalira kale, ndipo amabaya jekeseni wa shuga kawiri pa tsiku. Za inu sananene choipa chilichonse. Anangofunsa ngati mumayenda mothamanga ngati bambo.

Pa 12 Disembala bambo akwanitsa chaka chimwalirire. Amayi aphika mansaf, mpunga wa nyama ya nkhosa uja, abale onse abwera. Ndikudziwa kuti tchuthi simungapeze, ndipo sindikupempha kuti mukwere ndege. Ndikupempha foni imodzi. Nambala yawo ndailemba kuseri kwa pepala lino.

Mu envelopu muno mupezamo masamba onse a kope la bambo, ojambulidwa kuchokera ku kope lenilenilo, ndi dzanja lawo ndi mayina enieni. Kumapeto ndaikako tsamba limodzi loyera. Kwathu ku gulu la malova aliyense amalemba mathero ake, ndipo palibe amene amalembera mnzake. Anga ndinalemba olakwika, ndavomera pamaso pa anthu makumi awiri ndi awiri. Anu sindingakulembereni.

Za kuphwanya lonjezo langa, mundikalipire mmene mungafunire Loweruka, ndidzakhala chete mpaka mutope. Koma musanadule foni mudzandiuze chochita ndi chitini chili m'khondechi. Amayi achipukuta kale, ndipo m'mawa uliwonse ndimapunthwa nacho. Ndikhoza kuchikweza basi mwakabisira monga ankachitira bambo, ndipo azakhali adzachilandira osadandaula. Ine ndikufuna adzachitenge okha, atadya nafe.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Dalal, muwauze kuti zaatar wawo ndatumiza ndi mwana wa anzathu a Abu Samer amene akubwera uko kumapeto kwa mwezi. Rima ndi Fawzi wamng'ono muwapsompsone pachipumi m'malo mwanga. Amayi akuti muzivala zofunda, ndipo akuti musayerekeze kunena kuti kalata ino sinafike.

Mulungu akusungeni, awachitire chifundo bambo athu, ndipo akufewetsereni mtima monga anafewetsera wawo pa chitseko cha basi ija.

Ndine mlongo wanu wosamva,
Lubna