Phiko Lotsala la a Gerishon

GERISHON LAMEKI DZIMBIRI
wa ku Midzemba, Neno. Anabadwa mu 1920, anatisiya mu Ogasiti 1975.

Mwezi uno zakwana zaka zitatu chitisiyireni, bambo a Jimu, ndipo nyumba ikununkhabe penti wanu. Ndine Yunike mkazi wanu, ndikuyankhula m'malo mwa ana ndi adzukulu. Cholembera wagwira ndi mwana wathu Dailesi, ndipo ndamuuza kuti asafewetse mawu anga ndi amodzi omwe. Owerenga atikhululukire kuti pachithunzi chili pamwambachi nkhope yanu ikuoneka theka. China tilibe. Wojambula wa pa Neno Boma anakuuzani kuti mutsitse manja, inu n'kukweza kandege kanu mpaka pamphuno, ati mapiko aoneke bwino.

Amene sanakudziweni adziwe kuti muli mnyamata munapita ku Buluwayo nthawi ya nkhondo, n'kukagwira ntchito pabwalo la ndege zakale zija za mapiko osanjikizana, ena pamwamba ena pansi. Mapiko ake ankakutidwa ndi nsalu, ndipo ntchito yanu inali yosoka nsaluyo ndi kuipaka mankhwala kuti ikungike. Anzanu anabwerako ndi njinga, ena makina osokera. Inu munabwerako ndi ndege m'mutu. Mukangoweruka kumunda munkakhala pakhonde n'kumasema tindege ta mtengo wa malaina, totalika ngati mkono, kenako n'kutikoloweka kudenga ndi ulusi. Mpaka lero mlendo akamalowa m'nyumba mwathu amayamba wawerama.

Kusemako ndinalibe nako mawu. Vuto linali lakuti phiko la mtengo munkafuna lizioneka ngati nsalu. Ndinakuuzani kambirimbiri kuti mungomatapo chigamba basi, inu n'kumandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Munkati pa kandege kakang'ono ulusi wa chigamba umaoneka ngati chingwe chomangira ng'ombe. Ndiye munali ndi njira yanuyanu. Munkamata timaulusi paphikopo kuti tikhale ngati nthiti, n'kupaka penti wachikasu, n'kumudikira ayambe kuuma, mukumuyesa ndi nsonga ya chala. Akafika poti akumata koma osadetsa chala, munkayala nsalu pamwamba, kuisisita ndi kumbuyo kwa supuni, n'kuimatula pang'onopang'ono mutagwira mpweya. Pentiyo ankatsala ndi timaso ta nsaluyo, ndipo munthu ankachita kukhudza kuti akhulupirire kuti ndi mtengo. Zinkakongola, sindikana. Koma kodi nsaluzo zinkachokera kuti, bambo a Jimu? Munadula kumunsi kwa malaya a sukulu a Jimu, mwana n'kumapita m'kalasi atapisira kutsogolo kokha. Munatenga nsalu ya patebulo imene amalume anga anatipatsa paukwati. Masupuni onse m'nyumba muno ali ndi chikasu kumbuyo. Nsalu imodzi yokha simunaikhudze, chitenje changa chovinira cha chipani. Apo pokha nzeru zinkakubwererani.

Kenako panafika za maduku. Chaka chimene ndinalowa Mvano ndinagula maduku awiri oyera kwa Mmwenye wina ku Limbe, nsalu yofewa, ulusi wake wochita kuyang'anitsitsa kuti uuone. Limodzi linali lovala. Linalo ndinalipinda n'kuliika pansi pa sutikesi kuti amayi anzanga adzandiveke tsiku langa lomaliza, ndipo zimenezi munkazidziwa bwino lomwe. Tsiku lina la msonkhano wa amayi ndinapeza lovala lija lili pachingwe, lili ndi chikasu chooneka ngati phiko pakati penipeni. Nditakufunsani munaseka mpaka kutsokomola, ati nsalu yabwino chonchi ikungowonongeka pamutu pa munthu. Ndinapita kumsonkhano ndi duku lobwereka, ndipo sindinakuyankhuleni mpaka tinamaliza kukolola. Kuyambira pamenepo kiyi wa sutikesi ndinkagona naye m'chiuno. Munandinyengerera, munandigulira kanyenya pamsika, munafika potuma ankhoswe kuti adzandipemphe duku lachiwirilo. Ankhoswe, anthu aulemu wawo, kukwera mapiri onse aja chifukwa cha kandege. Ndinakana, ndipo mpaka lero ndikuti sindinalakwe.

Kandege komaliza munakayamba chifuwa chitakugwirani kale. Mapiko atatu munawadinda ndi ngodya zoyera zimene zinatsala pa duku munandibera lija. Lapansi lakumanzere linatsala lili mtengo wokhawokha. Kuchipatala amuna ena amasiya mawu a minda ndi a ana. Inu munandigwira dzanja n'kundipempha zinthu ziwiri. Choyamba, kuti duku lapenti lija ndidzaliike m'bokosi mwanu, ati muzikandikumbukira nalo. Ndinalira, bambo a Jimu, ndinkayesa chikondi. Patapita kanthawi, maso mutatseka ngati mukugona, munapemphanso kuti phiko lotsalalo lidzamalizidwe, lifanane ndi anzake. Ndinavomera zonse ziwiri, chifukwa munthu amene akupita sumukaniza, ndipo ankhoswe omwe aja anali pomwepo akumva.

Duku linapita nanu kumanda monga munafunira. Ntchito ya phiko inagwera Jimu, amene tsopano ndi kalipentala pa Boma. Mwanayu ali ndi manja anu, ndipo sanaiwale zimene munkamuuza zoti penti sathamangitsidwa, amanena yekha nthawi yake. Anayesa bandeji, anayesa popelini, anayesa thumba la ufa, anayesa mpango wa mkazi wake, kunyumba kwake nakonso n'kubuka mlandu. Nthawi zonse phikolo linkatuluka ngati lichero pambali pa anzake atatu aja. Akalephera ankalipala n'kuyambiranso, mpaka linafika popyapyala moti anandiuza kuti akalipalanso kamodzi lithyoka. Dailesi anachoka ku Lisungwi kumene anakwatiwa, n'kukafufuza ku Limbe sitolo ndi sitolo. Nsalu ya mtundu umenewo anasiya kale kuigulitsa.

Ana sanandipemphe duku lachiwiri lija, ndinawalera bwino. Koma akabwera kudzandiona maso awo ankathamangira ku sutikesi. Ine ndinachedwa kuzindikira. Zinandifikira m'mutu tsiku lina ndikupalira nandolo kuseri kwa nyumba. Duku limodzi mwapita nalo, lonjezo mwandisiyira, ndipo nsalu yoti ingamalize phikolo yatsala imodzi yokha m'dziko muno. Munazikonza dala zimenezi mutagona pabedi la kuchipatala, mapapo akukana kupuma. Zimene ankhoswe analephera muli moyo munazitheketsa ndi maliro anu. Ndinaponya khasu, ndinakhala pansi m'mundamo, n'kukutchulani dzina lenileni mokweza, Gerishon, chinthu chimene sindinachitepo muli moyo. Ndinakwiya kwambiri, ndipo ndinakusowani kwambiri, zonse nthawi imodzi.

Chaka chathunthu ndinalimbana nanu. Kandegeko ndinakatembenuzira kukhoma. Ndinafunsa abusa ngati lonjezo lochita kukutchera limawerengedwa kumwamba. Iwo anangotsokomola n'kuyamba kundifunsa za mvula. Ndinkadziuza kuti moyo wanga wonse ndakupatsani nsalu zanga, supuni zanga ndi denga langa, kodi n'kulakwa kuti ndisunge kansalu kamodzi kopita nako kwa Mulungu ndili waukhondo? Koma mwezi uno tikuvundukula chiliza chanu, ndipo sindikanatha kukaima pamanda anu pamaso pa anthu ndili ndi mawu amene sindinawakwaniritse.

Ndiye imvani, popeza n'zimene mwakhala mukudikira. Loweruka lapitali ndinamasula kiyi m'chiuno. Jimu anapaka penti pakhonde pomwe munkakhala paja, tonse n'kumadikira. Atati pentiyo wafika poti akumata, anatambasula dzanja kuti alandire duku, ine ndinamukaniza. Ngati likuwonongeka, liwonongeke ndi manja a mwini wake. Ndinaliyala ndekha, ndinasisita ndi supuni yanu yopindika, ndinamatula pang'onopang'ono, ndipo ndinadzipeza ndagwira mpweya ngati inu. Phiko latuluka ndendende ndi anzake. Jimu analiyang'ana kanthawi, kenako anapita kuseri kwa nkhokwe n'kukhalitsako. Dailesi ankaseka misozi ikutsika. Mchemwali wanu a Maness, amene amakuliranibe akamva ndege ikudutsa, analisisita ndi chala n'kunena kuti mwapambana mlandu.

Dukulo ndalichapa ndi sopo, ndalinyika m'palafini, ndaliyanika padzuwa. Chikasu chanu sichikuchoka, chili pakati penipeni ngati pa duku loyamba lija. Dailesi akuti andigulira lina loyera la popelini. Ndamukaniza. Ndalipinda n'kulibwezera pansi pa sutikesi, ndipo amayi a Mvano ndawauza kale kuti tsiku langa likadzafika adzandiveke lomwelo, asadzabise mbali ya penti. Mukadzaona mayi akubwera ali ndi phiko lachikasu pamutu, ndine. Mudzaimirire, mudzandilandire mwaulemu, ndipo musadzayerekeze kuseka.

Ife amene tikukulirani: mkazi wanu Yunike, ana anu Jimu ndi Dailesi, mchemwali wanu Maness, ndi adzukulu onse amene akukula akuyang'ana kudenga.

Gonani mumtendere, bambo a Jimu. Kukuiwalani sitidzakuiwalani, ndipo simunatisiyire n'komwe mpata woti tiyesere.