Ndayankhula za Tsempho ndi Mkamwini Wanga

Amayi anga, kodi kwacha bwanji kumeneko kumene muli?

Kuno ku Cape Town ndi nyengo yozizira. Mvula ikugwa yamphepo, yosameretsa kanthu, yongonyowetsa nsapato basi. Ine ndilipo, miyendo yokha ndiyo imatupa ndikaima tsiku lonse. Ndikadali pantchito ku Epping kuja ndinkakuuzani pa foni, kusankha kachewere ndi anyezi n'kumathira m'matumba. Ndikagwira kachewere wamkulu wosalala ndimakumbuka wa kudimba kwanu ku Dedza, ndipo ndimamuika m'thumba pang'onopang'ono ngati ndi wanu.

Kumudzi akuti kuli bwino. Achimwene a Lufeyo anandiuza kuti kachewere wachita bwino chaka chino, koma chimanga cha kumunda wa kumtunda chinapserera ndi ng'amba. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yoyamba chichitikireni maliro anu, ndipo akuti afolera udzu ukauma. Ndawakumbutsa kangapo mpaka anandiuza kuti ndisiye kuwavutitsa. Mukudziwa mmene ndilili. Munkati, "Iwe Elube, umatchera ndowa denga lisanayambe kudontha."

Nkhani yabwino ndi iyi. Mwana wanga Tiyamike, mdzukulu wanu amene munamulera ine nditabwera kuno mpaka ananditsatira, wachira. Ali ndi mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu, Enelesi. Ine pakamwa panga sipatheka kutchula dzina limenelo, ndiye ndimangomuti amayi. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akakwiya amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira mbuzi zikalowa m'dimba.

Mwamuna wa Tiyamike simunamuone, munangomva mawu ake pa foni muli kale pamphasa. Dzina lake ndi Tendai. Anabadwira ku Harare, koma agogo ake anachokera ku Ntcheu kalekale. Chichewa amayankhula, chosakaniza ndi Chishona. Ine amanditcha ambuya, akuti kwawoko ndiye kuti apongozi. Ntchito yake ndi yoyenda pa njinga yamoto kuperekera anthu zakudya m'manyumba. Amakhala ku Parow, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo ine ndimakhala msewu wina chapafupi. Ndi mnyamata waulemu, Amayi. Ndikufuna mudziwe zimenezi ndisanakuuzeni chimene ndamuchita.

Mwanayo atabadwa ndinayamba kusowa mtendere. Kwathu mukanakhalapo inu, mukanawaitana awiriwo n'kuwalangiza. Mukanawauza kuti mwana akadali wozizira, adikire mpaka tsiku lomutengera kumphasa, ndiponso kuti bambo asayende njira zina, kuopa kumusempha mwana. Zimenezi amanena ndi agogo kapena anamkungwi. Mayi sauza mwana wobereka yekha nkhani za kuchipinda. Inunso simunandiuzepo ine, munanditumiza kwa agogo. Koma kuno agogo a Tiyamike kulibe, ndipo amake a Tendai ali ku Harare. Ndinkapita kukachapa matewera, mawu ali pakhosi, n'kubwerako osanena kanthu.

Kenaka mwana anayamba kutsokomola. Chifuwa chinkalira ngati kamphaka, kuyamwa kunachepa, ndipo ine ndinkaona ngati masaya akutupa. Masiku omwewo Tendai ankaweruka mochedwa kuposa kale. Mtima wanga unalumikiza ziwirizi. Ndinati basi, ili ndi tsempho, mkamwini wayenda kunja. Tiyamike anapita naye mwana ku kiliniki, ndipo anesi anati ndi chifuwa cha kuzizira ndi chinyezi cha m'chipinda chija, pakuti khoma lake limachita nkhungu. Anamupatsa mankhwala. Ine ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati anesi a kuno tsempho angalidziwire kuti.

Ndinaganiza zopeza munthu wamkulu woti akawalangize m'malo mwanu. Kutchalitchi kwathu ku Wynberg kuli mayi wina wa ku Lilongwe, a Nachisale, amene amalangiza atsikana akamalowa m'banja. Titaweruka mapemphero ndinawakokera pambali n'kuwauza zonse. Ndikanangowapempha kuti akalangize ana, bwenzi zili bwino. Koma ine ndi pakamwa panga ndinawonjeza kuti ndikukayika kuti mkamwini wamusempha mwana. Anandigwira dzanja, anati ndisadandaule, nkhaniyi ithera pakati pa ife awiri, ndipo adzapita ku Parow akapeza mpata.

Ku Parow sanafike, Amayi. Nkhani ndiyo inafika. Munkanena kuti mawu akatuluka pakamwa amamera miyendo. A Nachisale anauza mnzawo mmodzi kuti athandizane kupemphera, mnzawoyo anauza wina amene amaluka tsitsi pafupi ndi pokwerera matakisi ku Wynberg, ndipo pamenepo pamadutsa Mmalawi aliyense. Lamulungu lotsatira amayi ankandipatsa moni wachisoni ngati ndaferedwa. Wina anandinong'oneza kuti amuna a njinga ndi otero, amadziwa zipata zambiri.

Tendai anazimva kwa anzake a njinga. Koma iye mawu akuti kusempha sankawadziwa. M'Chishona muli mawu ena ofanana nawo, akuti kusema, ndiye kuti kunyansidwa ndi chinthu. Iye anamva kuti apongozi ake akuuza anthu kuti amanyansidwa ndi mwana wake. Mnyamata amene amafika atanyowa, n'kuyamba wawotha manja pa hita kuti asamuzizitse mwana pomunyamula. Tiyamike akuti tsiku limenelo mwamuna wakeyo sanadye, anangokhala pampando atamuyangata mwana.

Pa awiriwo, Tiyamike yekha ndiye anamva tanthauzo lenileni, pakuti anakulira m'manja mwanu. Sanamumasulire mwamuna wake. Anabwera kwanga, osakhala pansi, anaima pakhomo. Anati ndawachititsa manyazi pa Amalawi onse, ndipo tsopano iye akamayenda anthu akumuyang'ana ngati mkazi wopusitsidwa. Anati choipa kwambiri n'chakuti ndamuthira chikayiko mumtima, moti njinga ikachedwa amayamba kuganiza zimene sankaganiza kale. Pomaliza anati, "Mama, musabwerenso kwathu. Mwana ndilera ndekha."

Amayi, ndinabwera kuno kudzavutika chifukwa cha mwana ameneyu, ndipo lero ndine ndimafuna kumupasulira banja. Masabata amene anatsatira sindikudziwa kuti ndinawadutsa bwanji. Kuntchito ndinkathira anyezi m'matumba a kachewere mpaka kapitawo anandikalipira. Poweruka ndinkazungulira njira ya kwawo, n'kuima patali kuyang'ana matewera pachingwe. Ndikaona ayanikidwa ndinkadziwa kuti mwana ali moyo. Ndikapanda kuwaona chifukwa cha mvula, sindinkagona mpaka m'mawa. Kutchalitchi ndinasiya kupita. A Nachisale ananditumizira uthenga wakuti akundipempherera, ine sindinayankhe. Sindingawanene kwambiri, pakuti nkhuni ndinawapatsa ndine.

Loweruka lapitali masana ndinamva njinga ikuima panja. Anali Tendai, yekha. Ndinasowa kolowera. Kwathu mkamwini ndi apongozi akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Kuno chipinda changa n'chimodzi, bedi pomwepo, mbaula pomwepo. Anavula chisoti chake cha njinga, anakhala pa ndowa yovundikira pafupi ndi chitseko, n'kuomba m'manja mwa chikwawo. Anati Tiyamike sakudziwa kuti wabwera. Anati mwana wachira, akuyamwa bwino, koma m'nyumba mulibe mtendere, mkazi wake amangolira osanena chifukwa. Ndiye anandifunsa kuti, "Ambuya, munaona chiyani pa ine kuti muziti ndimanyansidwa ndi mwana wanga?"

Pamenepo ndinaona njira ziwiri. Ndikanatha kungopepesa, iye n'kupita akuganizabe kuti nkhani ndi ya kunyansidwa. Manyazi anga akanachepa. Koma anthu onse kunja akudziwa chimene ndinanena, mkazi wake akudziwa, iye yekha ndiye akuyenda osadziwa dzina limene ndamupatsa. Tsiku lina akanadzamva kwa anthu oseka. Ndinakumbuka mmene munkanenera kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndinati khoswe ameneyu ndamukhazikapo ndine.

Ndinatembenuka n'kuyang'ana kukhoma, ndinafunda chitenje kumutu. Ndinamuuza kuti mawuwo si kusema, ndi kusempha. Ndinamufotokozera za mwana wozizira, za kumphasa, za bambo amene wagona kunja n'kubwera kudzanyamula khanda. Amayi, mawu amene sindinawatchulepo ngakhale kwa bambo ake a Tiyamike, ndinawatchula kwa mkamwini, masanasana. Thukuta linkayenderera kumsana m'nyengo yozizira ino. Ndinkalakalaka simenti itang'ambika ndilowe.

Ndinkangomva mvula pa malata. Kenaka anati, "Ndiye kuti Wynberg yonse ikuti ndine wachiwerewere." Ndinati inde, ndipo wayambitsa ndine. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, n'kunena kuti bola zonyansidwa zija. Anandiuza kuti mvula ikamagwa anthu safuna kutuluka, amaitanitsa zakudya kwambiri, n'chifukwa chake nyengo ino amaweruka mochedwa. Anati akufuna asamutse banja lake m'chipinda cha chinyezi chija. Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Akanandilalatira mwina ndikanapepukidwa.

Atatero anaimirira, anati nditenge jekete tipite kwawo, zimene ndamuuzazo ndikazinene mkazi wake akumva. Njinga anaikankha ndi manja, iye patsogolo ine pambuyo, mvula ikutinyowetsa.

Tiyamike atationa anangoti kukamwa yasa. Ndinagwada pakhomo, ine mayi wake, n'kunena kuti ndinanamizira mwamuna wake popanda chimene ndinaona, koma mantha okha. Anandidzutsa msanga, anati anthu a m'nyumba yaikulu aona. Titalowa anandifunsa chifukwa chimene sindinamufunse iye mwini, m'malo mopita kwa anthu. Ndinati mayi sayankhula zimenezo ndi mwana wake, ndi ntchito ya agogo. Iye anati, "Agogo anapita, Mama. Kuno ndili ndi inu nokha. Mukachita nane manyazi, ndipite kwa ndani?"

Ndinalira, iyenso analira. Kenaka anatenga mwana pabedi n'kundiika m'manja. Walemera, Amayi. Masaya amene ndinkati akutupa aja ndi kunenepa chabe. Anandiyang'ana n'kukwinya chipumi, ndipo ndinaona ngati ndinu mukundifunsa kuti ndinali kuti.

Sindikunena kuti zonse zatha. Tiyamike akundiyankhula, koma mosamala, ngati munthu woyenda pamatope. Tendai anandiperekeza mpaka pageti, ndipo pamenepo anandiuza chinthu chimodzi. Anati iye wandikhululukira, koma dzina lake linaipira pagulu, ndiye nkhani ya m'chipinda singalitsuke. Sanandikakamize. Anangonena n'kubwerera.

Ndakhala ndikuganiza zimenezi mpaka mutu kuwawa. Amayi a kutchalitchi amakumana tikaweruka mapemphero, ndipo pamakhala nthawi yoti amene ali ndi mawu aimirire. Ine chibwerere kuno sindinaimepo. Ndimaopa kuti lilime lindikola, ndimaopa kuti aseka, ndimaopa maso a a Nachisale. Ndikudziwanso kuti ena akamva adzati apongozi aopsezedwa, ndipo sadzakhulupirira. Zimenezo sindingazithe. Koma pakamwa pamene panatulutsa bodza ndi panga, ndipo anthu amene analimva ndi omwewo.

Kapena inu mukanachita mwanjira ina. Mwina mukundiseka kumeneko, mwina mwakwiya kuti mwana wanu anakamba za kumphasa ndi mkamwini. Ngati ndalakwira mwambo, mundikhululukire. Munandisiya kudziko la eni lopanda agogo, ndipo ugogowo wandigwera ndisanauphunzire.

Mupereke moni kwa abambo ngati mumaonana. Muwauze kuti ali ndi chidzukulu chokongola.

Ndikulonjeza kuti Lamulungu likubwerali ndivala chitenje chabwino, ndikwera sitima ya ku Wynberg, ndipo nthawi ya mawu ikafika ndiimirira. Ndikanena pamaso pa amayi onse kuti Tendai sanasemphe mwana, ndinasempha mawu ndine. Ndipo Tiyamike akadzafuna kufunsa za m'banja, sindidzamutumizanso kwa munthu wina. Ndidzayang'ana kukhoma ngati kuli kofunika, koma ndidzamuyankha.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Elube