Anasandutsa Bambo Anga Malume a Eugénia

Lolemba, 8 Setembro 1986

Choko chatha. Aphunzitsi a Zeferino akulemba pabolodi ndi chinangwa chouma.

Mayeso a masamu lero. Pascoal wagwidwa, mayankho onse pantchafu, pansi pa kabudula. Amukwapula mpaka ndodo kuthyoka. Kenako ulaliki. Akuti kuba kwa pasukulu n'kwa mitundumitundu: wosuzumira pepala la mnzake, wolemba pathupi, wotuma mkulu wake kudzamulembera mayeso, wotenga mawu a wina n'kuikapo dzina lake. "Onsewa ndi wakuba nkhuku n'chimodzimodzi," anatero. Kuyambira lero tizikhala motalikirana, azitipisa m'matumba pakhomo, mikono ya malaya tizipinda.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Pali mpikisano wa redasau, chimangirizo cha m'Chipwitikizi, wokonzekera chikondwerero cha tsiku la asilikali, pa 25. Mutu: nkhondo ndi banja langa. Wopambana adzawerenga pabwalo pamaso pa akuluakulu a boma, ndipo chaka chamawa malo ake alipo kusukulu yogonera komweko ku Quelimane. Malo amodzi basi. Kuno ku Milange sukulu imathera kalasi yathu ino, ya sikisi. Ukatha, khasu, kapena mwamuna, kapena kusenza katundu wa anthu pamalire ngati azakhali a Constância.

Ine ndikufuna Quelimane.

Lachinayi, 11 Setembro

Talemba. Pepala limodzi aliyense, mapepala ndi osowa. Popanda poyesezera. Ndinangoyamba.

Ndalemba za bambo. Chithawireni ku Mongue chaka chatha sindinauzepo munthu zonse, ngakhale azakhali amene akundisunga. Ndalemba kuti anali okonza njinga pamsika, ndi kuti anandilera okha amayi atamwalira. M'mawa uja anali atamiza chubu m'beseni la madzi, akufuna poboola. Anthu anayamba kuthamanga, akukuwa kuti matsanga, matsanga, zigawenga zija zafika. Bambo, mwendo wawo wolumala uja, sakanathamanga. Anati, "Lowa m'munda wa nandolo, usacheuke." Ndinalowa. Ndinacheuka. Matsanga anawauza kuti apereke njinga zonse, iwo n'kuyankha kuti njingazi n'za eni ake. Mawu awo omaliza amenewo. Madzulo nditatuluka, chubu chinali chikadali m'beseni, madzi atasintha mtundu.

Ndinamaliza.

Aphunzitsi anawerenga ndili pomwepo. Anavula magalasi, n'kupukuta m'maso. Kenako: "Januária, walemba wekha zimenezi?" Ndani akanandilembera? Ndinakhala kutsogolo kwawo, mikono yopinda, m'matumba atapisamo okha.

Madzulo chinangwa ndi masamba a nandolo. Sindinadye.

Lachisanu, 19 Setembro

Wapambana Eugénia.

Eugénia! Amene amandifunsa kalembedwe ka mawu alionse opitirira zilembo zinayi. Mwana wa mkulu woyang'anira nkhokwe za boma, kumene kumachokera shuga, sopo ndi mchere wa anthu onse m'tauni muno. Nsapato ali nazo. Mutu wa nkhani sanaumve n'komwe tsiku lija, ndinamuona akutafuna pensulo mpaka belu.

Ndapempha pepala langa. Aphunzitsi akuti mapepala onse ali kuofesi. Akuti langa linali labwino ndithu koma zolakwa zambiri, ndiyesenso chaka china. Polankhula amayang'ana pazenera.

Mwina n'zoona. Chipwitikizi changa si cha anthu a m'tauni. Ndalira kuseri kwa chimbudzi, kenako ndakatunga madzi.

Mchere kulibe. Azakhali abwera nawo pang'ono kuchokera ku Muloza, kutsidya kwa malire, atamanga m'nsonga ya nsalu.

Lachinayi, 25 Setembro

Akuba. Akuba. Akuba.

Tinaima padzuwa kuyambira m'mawa. Mbendera, nyimbo, asilikali kuguba, zolankhula zosatha. Kenako anaitana Eugénia. Diresi yoyera yosita. Anayamba kuwerenga.

Msika wa ku Mongue. Beseni la madzi. Mwendo wolumala. Munda wa nandolo.

Mawu anga. Onse, mmene ndinawaikira. Asintha malo amodzi okha: pamene ndinalemba kuti bambo anga, aikapo malume anga. Chifukwa bambo ake enieni anali pomwepo, pampando wakutsogolo, mimba patsogolo, akudzipepesa ndi chipewa. Kumapeto awonjezera ziganizo zotamanda asilikali, zimene ine sindinalembe.

Atafika pa "usacheuke" anakweza dzanja mmene anamuphunzitsira. Amayi ambiri analira. Mayi wina pambali panga anati, "Mwana wosauka, waona zinthu." Anamuwombera m'manja nthawi yaitali. Akuluakulu anamupatsa moni wa padzanja mmodzimmodzi.

Ine ndinafuna kukuwa. Ndinafufuza aphunzitsi a Zeferino ndi maso. Anali ataweramira nsapato zawo.

Matsanga anandiphera bambo. Awa awatenga n'kuwapatsa mwana wina ngati malaya a kaunjika. Eugénia ku Mongue sanapondeko. Nandolo amamudziwira m'mbale.

Lachisanu, 26 Setembro

Ndinawadikira aphunzitsi panjira, asanalowe pasukulu. Ulemu ndinausiya kunyumba. Ndinawafunsa kuti mwa mitundu ya akuba ija anatiwerengera, iwo ali mu uti.

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anandikokera pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kunong'ona. Akuti akazi awo ndi oyembekezera, mwezi wake ndi uno, mimba yoyamba inavuta, chipatala chathu chilibe ngakhale ulusi wosokera. Akuti koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ikubwera sabata yamawa, ndipo bambo a Eugénia ndi amene anganene mawu kuti mayiyo akwere nawo kupita kuchipatala chachikulu ku Mocuba. "Mwana wanga, iwe uli ndi mutu, udzapeza njira ina. Mkazi wanga alibe ina."

Ndiye ndilipire ndine? Pascoal anangoba mayankho a masamu, ntchafu zake mpaka lero zili ndi mizere.

Ndinapita kwa a diretori, mkulu wa sukulu. Anandisiya chiimire. Ndinafotokoza zonse. Anafunsa umboni. Ndinati atulutse pepalalo aone kalembedwe. Akuti limene lili muofesi n'la dzanja la Eugénia. Inde, anamukopetsa, langa anataya. Ndinati chabwino, atikhazike awiri m'chipinda chimodzi, atipatse mapepala, tilembenso iwo akuona. Kapena amufunse Eugénia dzina la malume akewo. Ndinayamba kunena redasau yonse pamtima, kuchokera pachiyambi.

Anandidula. "Wamva dzulo pabwalo, waloweza. Kumeneko ndiye kuba kumene timaletsa."

Ine! Wakuba ndakhala ine!

Akuti kunamizira mphunzitsi ndi mlandu waukulu, koma poti ndine wamasiye andikhululukira. Ndikabwereza, mayeso a kumapeto kwa chaka sindilemba.

Loweruka, 27 Setembro

Azakhali akuti nditseke pakamwa. Khadi lathu logulira zinthu kusitolo ya boma limadutsa m'manja mwa bambo a Eugénia. "Ukufuna tidye redasau?" Koma pambuyo pake ndinawapeza kuseri akulira. Bambo anali mlongo wawo. Za beseni anazimvera pabwalo, m'kamwa mwa mwana wa eni, asanazimve kwa ine. Chimenechi chikundiwawa mwina kuposa Quelimane.

Masana, Eugénia pampope. Anabwera ndi wantchito wawo, iye chimanjamanja. Ndinaika ndowa pansi n'kumufunsa pamaso pa anthu: malume akowo dzina lawo ndani? Anaikidwa kuti?

Anatuwa. Akuti iye sanapemphe. Akuti aphunzitsi anabwera nalo pepala kunyumba kwawo, bambo ake n'kumuuza kuti akopere, aloweze. Kenako ananena chimene sindidzaiwala: "Ine ndimayesa aphunzitsi angopeka."

Angopeka.

Ndinamukhuthulira ndowa yonse. Ndikanamugwira pakhosi amayi ena akanapanda kundigwira. Ndinakuwa kuti dzina lawo ndi a Mário, a Mário okonza njinga, anali bambo anga, sanapekedwe ndi munthu. Iye anangoima, madzi akuyenderera, osalira, osathawa. Amangondiyang'ana.

Madzi ndakatunganso. Mzere wautali.

Lamulungu, 28 Setembro

Ndaganiza. Mawa pamzere wa m'mawa, mbendera ikangokwera, ndituluka kutsogolo. Ndinena zonse pamaso pa sukulu yonse, ndi dzina la bambo. Andichotse. Mayeso awo adye.

Pascoal akuti aima nane, aonetsa ntchafu. Sindikudziwa ngati adzalimbadi mtima.

Kutchalitchi anthu ochepa. Mfuti zikumveka cha kuseri kwa phiri la Tumbine kuyambira dzulo. Ena akuti ndi asilikali athu akuyesa zida. Koma mabanja a akuluakulu ena ayamba kutumiza mitolo ku Muloza mwakachetechete. Azakhali asenza katundu wa anthu maulendo ambiri lero, khosi lauma. Akuti tigone titavala.

Mawu oyamba ndakonza kale: Dzina langa ndine Januária, mwana wa a Mário.

Lachitatu, 8 Outubro, ku Muloza

Mzere wa m'mawa sunachitike. Sukulu kulibe. Milange ali m'manja mwa matsanga.

Sindikufuna kulemba za tsikulo. Pang'ono chabe. Kuthamanga. Utsi cha kumaofesi. Pamlatho wa pamalire anthu kupanikizana, asilikali athu omwe ali pakati pathu, ena atavula malaya a usilikali. Ife tinadutsa pamadzi, kumunsi, pamene azakhali amadutsira akamazemba a kasitomu. Tinatuluka ndi mphika, nsalu ziwiri, ndi zimene zinali m'thumba la diresi langa. Pascoal sindinamuone. Palibe amene wamuona.

Tikugona pabwalo pafupi ndi minda ya tiyi, anthu osawerengeka. Anthu a kuno akutipatsa mbatata, ena akutitseka zitseko. Chilankhulo n'chimodzi, koma ukangotchula mawu a Chipwitikizi amadziwa.

Koluna sinabwere. Akazi a aphunzitsi a Zeferino achirira kuno, pansi pa mtengo, amayi atawatchingira ndi nsalu. Mwana wamkazi, ali moyo, mayi akenso. Ndiye anandigulitsiranji? Anandiba pachabe. Ndikayesa kukondwera kuti mwanayo ali moyo, mkwiyo umabwera pomwepo. Zonse ziwiri pamodzi.

Ndipo Quelimane yapita kwa tonse. Eugénia sapita, ine sindipita. Zimenezi sizikundiziziritsa mtima ngakhale pang'ono. Ndimafuna kuima pamzere paja. Ngakhale zimenezo andilanda.

Lachisanu, 10 Outubro

Aphunzitsi a Zeferino ayambitsa sukulu pansi pa mitengo ya bulugamu. Ana akulemba pansi ndi zala. Ndinadutsa pomwepo ndi nkhuni. Ndinawamva akuuza kamnyamata kena kuti kasayang'ane za mnzake.

Ndinaseka mokweza mpaka ana onse kutembenuka.

Ananditsatira. Akuti ndibwere ndiziwathandiza kuphunzitsa ana aang'ono, palibe wina wodziwa kulemba ngati ine. Ndinati ndibwera tsiku limene adzaime pamaso pa anthu a ku Milange ali panowa n'kunena kuti redasau ija inali ya yani. Anati, "Januária, pa nthawi ngati ino, ndani akukumbuka za redasau?"

Ine. Ine ndikukumbuka.

Anati aganiza. Aganize.

Phala la mgaiwa kamodzi patsiku. Azakhali akutsokomola.

Lamulungu, 12 Outubro

Eugénia.

Ndinamuona Lachinayi pamzere wa ufa, sindinamulankhule. Nsapato alibe. Ali ndi amayi ake ndi ang'ono ake. Bambo ake anawaperekeza mpaka pamlatho tsiku lija, n'kubwerera kukatseka nkhokwe. Dzulo munthu wina wosenza katundu wawoloka, wanena kuti anawaona, atafa. Pakhomo pa nkhokwe pomwepo. Palibe amene anawaika.

Lero masana ndikuchapa kumtsinje, anabwera n'kukhala pamwala. Ine kuchapa basi. Mumtima ndimati, wabwera kudzatani, ukufuna ndikulirire?

Kenako anayamba. Akuti chimvereni uthengawo sakutha kuganiza za bambo ake. Akatseka maso kuti awaone, zikubwera ndi beseni, chubu, munda wa nandolo. Ziganizo zija analoweza zikungodziyankhula zokha m'mutu, m'Chipwitikizi, ndi pokweza dzanja pomwe. "Ndikulira bambo ako, Januária. Anga sindikuwapeza."

Ndinafuna kumuuza kuti zakukwana. Mawuwo anafika pamlomo. Ndinafinya nsalu mpaka manja kuwawa.

Ndinati, amenewo ndi anga, undibwezere. Nena za ako. Akuti sadziwa poyambira. Ndinamufunsa kuti anavala chiyani pamlatho paja. Anaganiza. Akuti malaya abuluu, batani limodzi losiyana ndi anzake, anasokerera yekha iye, molakwitsa, ndi ulusi wofiira. Akuti bambo ake anaseka tsiku limenelo koma sanalichotse. Atanena zimenezo ndiye analira. Kulira kwenikweni, kosakweza dzanja.

Sindinamugwire. Sindinachokenso.

Sindinamukhululukire. Ndalemba pano kuti ndisadzanamizire kuti ndinatero. Iye, bambo ake, aphunzitsi, a diretori, onse anadziwa kapena akanatha kufunsa. Koma ponyamuka anati mawa pamzere wa ufa, pamene anthu onse a kwathu amakhalapo, anena yekha kuti redasau inali yanga. Sindinamupemphe. Sindikudziwa ngati adzatero. Akapanda kutero ndidza

Azakhali akuitana. Chifuwa chija chayambanso.